Kamdothi akanakhala wa mawaya, mvula ikanamutani?

Celestina, Ulónguè
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya buku limene landigoneka mochedwa masiku anayi. Azakhali anabwera nalo kuchokera ku Beira, chikuto chinatha kale, dzina lake Cinder, analemba ndi Marissa Meyer, lomasuliridwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Ndi nthano ya Gata Borralheira (Cinderella m'Chingerezi) ija tinkawerenga tili ana, koma apa mtsikanayo ndi makanika pa msika wa mzinda umene akuutcha Beijing Watsopano, ndipo dzanja limodzi ndi mwendo umodzi n'zachitsulo. Mayi omupeza alipo, ana awo aakazi awiri alipo, mwana wa mfumu alipo, ngakhale dansi ya kunyumba yachifumu iliponso. Koma pothawa kudansiko sataya nsapato ayi. Amagwa pa masitepe, phazi lenilenilo n'kuguluka. Ndinaseka ndekha pakati pa usiku mpaka amayi anagogoda kufunsa ngati ndili bwino.

Funso langa ndi ili: kutenga nthano ya eni n'kuiveka mawaya chonchi, ndi luso kapena ndi kuba? Ndikufunsa chifukwa mtima wanga ukufuna kuchita zomwezo ndi Kamdothi.

Dalitso, Zóbuè
Phazi kuguluka? Ndiye mwana wa mfumuyo anazungulira mudzi wonse ndi phazi mu jumbo, kufunsa khomo ndi khomo kuti wotsimphina ndani?

Celestina, Ulónguè
Kkkk ayi achimwene. Phazilo amatsala nalodi, koma buku silithera pa ukwati. Limatha mtsikanayo ali m'ndende, ndipo dokotala wina amabwera kudzamuuza kuti iye kwenikweni ndi

Fátima, Tete
Basi basi mana, ima pomwepo! Ena sanawerenge.

Aphunzitsi Bonifácio, Dómuè
Celestina mwana wanga, usanade nkhawa ndi kuba, yamba wafunsa kuti mwini wake ndani. Nthano imene munawerenga kusukulu, ya nsapato ya galasi ndi dzungu losanduka ngolo, anailemba Charles Perrault ku France mu 1697. Koma iyenso anaitola kwa anthu. Abale awiri aja a Grimm ku Germany anatulutsa yawo mu 1812, ndipo mwa iwo mulibe dzungu, muli mtengo wa pamanda a mayi ake ndi mbalame. Ana a mayi omupeza aja, wina amadula chala, wina chidendene, kuti phazi lilowe mu nsapato, magazi n'kuwaulula. Ukabwerera m'mbuyo, ku China kunalembedwa kale ya mtsikana dzina lake Ye Xian m'zaka za m'ma 800, wa nsapato ya golide, amene ankathandizidwa ndi mafupa a nsomba imene mayi omupeza anapha. Ndiye Meyer uja, amene buku lake linatuluka mu 2012, anabera uti mwa onsewa? Nthano ili ngati mbewu ya chimanga cha makolo: aliyense anapempha kwa mnzake.

Chimene ine ndimafunsa ndikamawerenga mabuku otere ndi china. Wolembayu wabweretsa chiyani chimene agogo sananene?

Zacarias, Moatize
Aphunzitsi, funso lanulo ndiyankhe ine, chifukwa bukuli ndinaliwerenga chaka chatha pa foni, masana nthawi yopuma, nditakhala pansi pa galimoto kuthawa dzuwa. Ine ndimakonza magalimoto akuluakulu onyamula malasha, ndiye tsamba loyamba lenileni linandigwira. Mtsikanayo akulimbana ndi sikuluwu yadzimbiri ya pa kakolo wake, mutu wake unatha, sikuludiraiva ikungoterereka. Amene anagwirapo sipanala akudziwa mkwiyo umenewo. Nanga akuchotseranji phazilo? Chifukwa n'laling'ono. Anamuika ali ndi zaka 11, iye wakula, phazi silinakule, ndipo mayi omupeza sankafuna kutaya ndalama kumugulira lina ngakhale ndalama za m'nyumbamo akupanga ndi iyeyo pa msika.

Ine ndinakulira kwa amalume ku Furancungo. Nsapato zimene ndinalowa nazo kalasi 5 ndi zomwe ndinatuluka nazo kalasi 7, nditadula kutsogolo ndi lezala kuti zala zipume. Ana awo ankagulidwa zatsopano pa Khirisimasi iliyonse. Ndiye pamene ena akuseka za phazi loguluka, ine sindinaseke kwenikweni. Mu nthano yakale nsapato ndi mwayi, imakwana munthu mmodzi yekha ndipo imamukweza. Umu anaitembenuza, chakhala chinthu chosakwana chimene mwana wamasiye amakakamizidwa kuvala. Chimenecho ndiye chatsopano chimene mukufunsacho.

Celestina, Ulónguè
Eee achimwene, ine sindinaganize mpaka pamenepo. Ndipo ndakumbuka, lamulo la m'dzikomo limamuona ngati katundu wa mayi omupezawo. N'chifukwa chake amatha kumupereka kwa madokotala kuti akayeserepo mankhwala a mliri, iwo n'kulandira ndalama.

Dalitso, Zóbuè
Kugulitsa mwana wa mwini ngati thumba la mbatatesi. Zimenezo sizifuna chaka cha 3000, ndikhoza kukulozerani makomo.

Fátima, Tete
Ine ndawerenga onse anayi, ndiye ndinene zabwino ndi zoipa zomwe. Pambuyo pa Cinder pali Scarlet wa 2013, amene ndi Capuchinho Vermelho, kamtsikana ka chovala chofiira kamene kanakumana ndi mmbulu, ku France, agogo ake asowa ndipo mmbulu uja ndi mnyamata womenya nkhonya za mumsewu. Kenako Cress wa 2014, ndiye Rapunzel: m'malo mwa nsanja anamutsekera mu satelaiti yozungulira dziko, zaka 7 ali yekha ndi makompyuta, tsitsi likungokula poti palibe chodulira. Womaliza ndi Winter wa 2015, Branca de Neve (Snow White m'Chingerezi), kumwezi.

Pamene ndinamuvulira chipewa wolembayu ndi pa Cress. Kwa a Grimm, mwana wa mfumu amagwa kuchokera pa nsanja n'kugwera pa minga, maso n'kubooka. Umu satelaiti imagwa, mnyamatayo amamenyetsa mutu n'kuchita khungu, ndipo dzina lake ndi Thorne, lochokera ku mawu a Chingerezi otanthauza munga. Ukaidziwa nthano yakale umamva kukoma kawiri.

Koma tamverani kumene amagwera: m'chipululu cha Sahara. Buku lonse la m'tsogolo, anthu akupita kumwezi ngati akupita ku Chimoio, koma akafika ku Africa ndi mchenga, ngamila ndi ludzu. Ndinalitseka kaye tsiku limenelo. Nanga Zambezi? Nanga mapiri a ku Tsangano kumene anthu amalima tirigu? Olo m'maloto a azungu sitinapatsidwe mtsinje.

Komanso si onse a mtundu umenewu amene ali ndi nzeru ya phazi ija. Ambiri amene ndawapeza amangosintha zovala. Mtsikana apatsidwe lupanga, mwana wa mfumu akhale wokwiyakwiya, akangane masamba 300 kenako apsompsonane. Ukachotsamo mayina a mu nthano palibe chimene chimagwa.

Aphunzitsi Bonifácio, Dómuè
Fátima, muyeso wako womalizawo ndaulemba m'kope. Chotsa nthano yakale, uone ngati nyumba igwa.

Fátima, Tete
Limene linandibwezera mtima ndi Skin of the Sea la Natasha Bowen, la 2021, ndinaliwerenga m'Chingerezi movutikira ndi dikishonale. Anatenga mtsikana wa m'nyanja wa Hans Christian Andersen, wa 1837 uja, n'kumupanga Mami Wata, mzimu wa m'madzi wa ku West Africa, zaka za m'ma 1400. Ntchito yake ndi kutola mizimu ya anthu amene aponyedwa m'nyanja kuchokera m'zombo za akapolo. Tsiku lina aponya mnyamata akadali wamoyo, iye n'kumupulumutsa, chimene n'choletsedwa. Kwa Andersen mnyamata amagwa m'madzi chifukwa cha namondwe basi. Umu pali amene wamuponya. Kusintha kamodzi kokha, nkhani yonse yalemera.

Mayi Nachisale, Tsangano
Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, foni ndi ya mdzukulu wanga, ndiye mundipirire ndimalemba pang'onopang'ono. Za azunguzo chitani nazo zimene mukufuna. Ine ndaima pa Kamdothi. Celestina, ukufuna kumutani mwana ameneyu?

Celestina, Ulónguè
Zikomo amayi. Maganizo anga ndi awa. Ndi zaka zambiri m'tsogolo. Mayi wina ndi injiniya ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, alibe mwana. Ndiye akuumba mwana ndi dothi la m'mbali mwa Zambezi, mkati n'kuikamo mawaya ndi kabongo ka kompyuta. Mwanayo akuyenda, akuyankhula, akupita kusukulu. Pamapeto ndimafuna apulumuke, chifukwa ndili mwana nthano imeneyi inkandiliza, ndipo ndinkadana nawo mathero ake.

Mayi Nachisale, Tsangano
Ndimaopa zomwezo. Tamvera ndikuuze mmene ine ndinaimvera.

Agogo anga aakazi ankatiimbira nthano mwezi wa June, tikutonola chimanga m'khitchini, kunja kukuzizira moti madzi a mu ndowa ankaluma mano. Masana ukawapempha ankakana, ati nthano ndi ya usiku. Za Kalulu ndi Fisi ankanena akuseka, akusinthasintha mawu. Koma akati "Padangokhala," ife "Tilitonse," n'kuyamba za mayi wosabala amene anapita kudambo kukatapa dothi, mawu awo ankatsika. Pofika pa nyimbo ija, mayi ataima pakhomo akuona mitambo yakuda kuphiri, akuitana kuti Kamdothi thawa mvula, agogo ankasiya chitsononkho m'manja n'kuyang'ana pamoto. Kawiri koyamba mwana amafika pakhomo madontho atangoyamba. Kachitatu anapita kutali ndi anzake. Amathamanga, mwendo umodzi n'kufewa, kenako winawo, mpaka mayi ake amangopeza matope panjira.

Ndinadziwa nditakula kuti agogowo anaika m'manda ana anayi asanabereke amayi anga. Onse sanafike poyenda bwino. Palibe tsiku anakhalapo pansi kutiuza za ana amenewo, mayina awo ndinawamva kwa anthu ena. Koma chaka chilichonse ankatiuza za Kamdothi.

Ndiye iwe ukamuveka pulasitiki mwana ameneyu kuti mvula imulephere, udzakhala walemba nkhani ya chidole chanzeru. Ikhoza kukoma. Koma usaitche Kamdothi.

Dalitso, Zóbuè
Ine ndinali ndi nthabwala ya ambulera koma ndaibweza m'thumba. Pepani amayi.

Celestina, Ulónguè
Amayi, ndamva ndipo zandikhudza. Koma ndiloleni nditsutse pang'ono mwaulemu. Nthano zimene tatchula pamwambazi, mathero ake anthu akhala akusintha. Kwa Perrault, mmbulu umadya Capuchinho nkhani n'kuthera pomwepo. A Grimm ndi amene anabweretsa mlenje wodzang'amba mimba. Mtsikana wa Andersen sakwatiwa ndi mwana wa mfumu, koma ana a masiku ano amadziwa zoti anakwatiwa. Bwanji ife tokha tiziti zathu zisakhudzidwe? Si ndiye zidzafera limodzi ndi agogo athu? Mng'ono wanga wa zaka 9 amadziwa Branca de Neve, Kamdothi sanamumvepo.

Mayi Nachisale, Tsangano
Sindinati usakhudze. Agogo omwewo ankasintha, tsiku lina Kamdothi anali mnyamata, tsiku lina mtsikana, malinga ndi amene wakhala pafupi ndi moto. Damu lakolo liike, mawaya ika. Ine ndikukana zoti mayi uja asakhale ndi choopa.

Zacarias, Moatize
Ndilowererepo ngati wa zitsulo. Vuto la nkhani yako mana ndi loti madzi ndi mawaya tinazithetsa kale. Mapampu amakhala pansi pa madzi zaka, mafoni ena amagwera mu ndowa n'kutuluka akuyimba. Injiniya wa pa damu lotulutsa magetsi opita mpaka ku South Africa sangalephere kumata mwana wake kuti asalowe madzi. Wowerenga adzafunsa zimenezo pa tsamba lachitatu. Uyenera kupeza chifukwa chimene sangamumatire.

Fátima, Tete
Mwina dothilo liyenera kupuma? Ngati mtsuko. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa umatuluka thukuta, ukaupaka penti umasiya. Ndiye kabongo kaja kamatentha, ndipo chimene chimakaziziritsa ndi dothi losamatidwa. Ukamumata, amapsa mkati. Ukamuotcha ngati njerwa kuti alimbe, sakulanso, amakhala wa msinkhu womwewo mpaka kale.

Zacarias, Moatize
Eya! Pamenepo ndasaina. Ndipo zikupatsa china: mayiyo angaganize zothawira naye kuno kumunsi kumene mvula ndi yochepa. Koma kutentha kwa mu October kuno, kopitirira madigiri 40, dothi limang'aluka. Kumtunda kwanuko asungunuka, kuno asweka. Alibe kwawo.

Dalitso, Zóbuè
Abwere pa malire pano, tizimuwolotsa m'mawa ku Mwanza madzulo n'kumubweza, malinga ndi mitambo. Chiphaso chake ndikonza ine.

Aphunzitsi Bonifácio, Dómuè
Dalitso, iwe ukhale m'bukumo ndithu, pakufunika wina woseketsa.

Koma pali chinthu chimene ndakhala ndikuchiganiza chiwerengereni mawu a Mayi Nachisale, ndipo sindinachionepo zaka zonse ndaphunzitsa. Kuno ku Angónia, mwezi wa November, munthu aliyense maso ali kumwamba. Mbewu zili m'nyumba, feteleza wagulidwa mwina pa ngongole, mizere yakonzedwa. Mtambo ukada, mudzi wonse umasangalala, ana amavina pabwalo. M'mudzi monsemo muli munthu mmodzi yekha amene mtima wake umagwa akamva bingu. Nthano ija sinena zimenezi poyera, koma zilimo. Mayi ake a Kamdothi amapemphera motsutsana ndi mudzi wonse, ndipo iwonso amadya chimanga chomwecho.

Celestina, Ulónguè
Aphunzitsi dikirani. Dikirani kaye.

Ndiye tinene kuti mayiyo si wa magetsi. Ntchito yake ndi makina oitana mvula. M'tsogolomo mvula inasiya kubwera yokha, pali makina pamwamba pa phiri la Dómuè amene amakoka mitambo, ndipo amene amadziwa kuwayendetsa ndi iye yekha. Chaka chimenecho kuli chilala, chimanga chafika m'mawondo chikufota, mafumu abwera kudzakhala pakhomo pake. Ndipo mwana sanabwere, anapita ndi anzake kutali, foni yake siikugwira. Mitambo yoti n'kukoka ilipo lero lokha. Akadikira mawa, yapita.

Ndiye nyimbo ija akuimba iye mwini, pa wailesi ya mudzi, dzanja lili pa batani.

Fátima, Tete
Mana. Thupi langa lachita tsembwe.

Zacarias, Moatize
Lemba zimenezo, zina zonse zija taya.

Mayi Nachisale, Tsangano
Tsopano wamupeza mayi uja. Za mathero sindikuuzanso kanthu, udzaona wekha ukafika pamenepo. Mwina adzapulumuka mwina ayi, koma ukamupulumutsa pakhale chimene chalipiridwa.

Dalitso, Zóbuè
Funso la ine wosaphunzira: ulemba m'chiyankhulo chanji? Chifukwa ukalemba Chipwitikizi, amayi anga sawerenga. Ukalemba chathuchi, anzako a ku Maputo sawerenga, ndipo osindikiza mabuku ali komweko.

Aphunzitsi Bonifácio, Dómuè
Ndipo ukasankha chathu pali nkhondo ina yaing'ono. Mabuku a sukulu a kuno amalemba Cinyanja, cinthu, cimanga, opanda h. Kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu amalemba chinthu, chimanga, ndipo ambiri a ife tinazolowera zimenezo chifukwa cha Baibulo, nyimbo za kutchalitchi ndi mawailesi a ku Malawi. Taonani tonse pano tikulemba ndi h. Ine ndingati lemba mmene dzanja lako likufunira, za h mudzakangana ndi wosindikiza buku litatha.

Celestina, Ulónguè
Ndiyamba m'Chichewa. Ndinayesa dzulo chiganizo choyamba m'Chipwitikizi, "Era uma vez," ndipo ndinangoona nyumba za mafumu a ku Ulaya ndi chipale chofewa. Ndikati "Padangokhala" ndimamva utsi wa m'khitchini. Chondivuta n'choti pa pepala palibe woyankha "Tilitonse." Nthano ya agogo imayenda ndi anthu awiri, wonena ndi ovomera. Buku ndi munthu mmodzi akuyankhula yekha.

Fátima, Tete
Upatse makinawo ntchito imeneyo. Mayi akamayankhula ali yekha usiku pa phiri paja, kompyuta ya makina a mvula iziyankha "Tilitonse," chifukwa anaiphunzitsa ndi mwana uja posewera. Ndiye tsiku lomaliza lija iyankhenso chimodzimodzi, kapena isayankhe.

Zacarias, Moatize
Isayankhe.

Fátima, Tete
Iyankhe, zimapweteka kwambiri.

Celestina, Ulónguè
Kkkk mwayamba kukangana za buku loti lili ndi mizere 6 yokha. Mayeso a kalasi 12 akatha ndikhalira pansi. Pakadali pano Cinder uja ali pano, amene akumufuna anene. Masamba awiri a pakati anathothoka koma ndinawamata ndi selotepi.

Dalitso, Zóbuè
Ine. Mpatse kondakitala wa chapa ya m'mawa yopita ku Tete, umuuze asiye pa mphambano ya Mussacama kwa mayi ogulitsa nthochi pafupi ndi poimira, ndikatenga Lachisanu. Ndikufuna ndione ndekha za phazi mu jumbo.

Mayi Nachisale, Tsangano
Celestina, mdzukulu wanga wandionetsa pojambulira mawu, ndakutumizira nyimbo ija kumbali. Mvetsera bwino. Ana a masiku ano mumaithamangitsa ngati ya kwaya. Poyamba mayi amaitana mofatsa, chifukwa mvula ikadali kuphiri. Liwiro limabwera kachitatu.

Celestina, Ulónguè
Ndailandira amayi, zikomo kwambiri. Mamega andithera pakati, ndimvera yonse mawa ndikagula ena. Kumbuyoko ndikumva mbuzi ikulira.

Mayi Nachisale, Tsangano
Imeneyo usaiike m'buku, ndi ya aneba.